Khobwe wa kansalu kofiira

Ndinadya, eya, ndinadya ine! Wofuna kundidzudzula abwere kuno ku Nkhudzi adzandidzudzule pamaso. Mkeka ndimuyalira, madzi ndimupatsa, koma kupepesa ayi. Khobwe ameneyo ndinadya ndi adzukulu anga, ndipo anali wokoma, wokoma zedi.

Zinayamba mvula isanagwe. Kunabwera mlangizi wa zaulimi pa njinga yamoto, mtsikana wamtali wa ku Zomba, fumbi mpaka m'nsidze. Anati mabungwe angapo a anthu ofufuza agwirizana kuyesa mbewu zatsopano za khobwe, kuno kunyanja, kumapiri ndi kuchigwa, ndipo akufuna amayi olima awathandize. Anandipatsa mitundu itatu. Mayina ake anali manambala ataliatali, ine sukulu yanga ndi ya kwacha, ndiye tinangokhoma zikhomo m'munda n'kumangapo tinsalu: kofiira, kachikasu, koyera.

"Anganga, lamulo ndi limodzi," anatero mlangiziyo. "Musathyole kanthu mpaka ndidzabwere ndi sikelo. Ndidzalemba mu foni iyi, foni idzatumiza ku kompyuta ya ku Lilongwe, kompyuta idzaphatikiza za alimi onse n'kutiuza mbewu yopambana. Yopambanayo ndiye idzachulukitsidwe. Zinazo tidzazisiya."

"Ndamva, mwanangu," ndinayankha. Ndipo ndinamvadi.

Ndinadzala, mvula inagwa, ndinapalira. Dothi lathu ndi lamchenga, mbewu zambiri zimalinyanyala. Koma wa kansalu kofiira, mayo ine! Anzake akadali kuyasamula, iye maluwa mbuu. Anzake akuyamba maluwa, iye zitheba lendee, zonenepa ngati zala za khanda.

Nthawiyo ndi imene nkhokwe imakhala yopanda kanthu. Chimanga chinali chisanakhwime, usipa unavuta kunyanja, ndipo mwezi wa Ramazani unali utalowa. Pakhomo panga pali ana a mwana wanga wamkazi amene ali ku Joni. Akuluakuluwo anali atayamba kusala nawo. Tsiku lonse pakamwa pouma, nthawi yomasula ikakwana ndiwapatse phala lamadzimadzi, kuseri kwa nyumba zitheba zikundiyang'ana?

Ndinayesetsa. Ndinkadutsa m'mundamo nkhope nditatembenuzira kuphiri. Kenako tsiku lina masana miyendo inangokhota yokha. Ndinathyola zitheba zodzaza mpango, ndinawonjezera chitambe, masamba ake aja ofewa osawawa, ndinatendera. Ana anadya mpaka kunyambita mbale. Mawa lake ndinathyolanso, mkuja ndinathyolanso. Mnansi wanga, amuna ake ali gone ndi matenda, ndikanamumana bwanji mwezi wa sadaka? Ndinamuthyolera.

Pa mjigo ndinanong'oneza mnzanga wa m'gulu lathu la alimi, mayi wa Chikhristu wa tsidya la msewu. "Achemwali, ine wofiira uja ndayamba kudya."

Iye anatsitsa ndowa n'kuseka mpaka misozi. "Mwayamba lero? Mwachedwa, anganga! Kwathu atsala mapesi okha."

Tinafunsana tonse pamenepo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene sanathyole wofiira.

Tsiku la sikelo linafika. Wachikasu anadzaza thumba, woyera anayesako, wofiira anangokwana m'kabeseni kosambira m'manja. Mlangizi anayang'ana kabeseniko, anayang'ana ine.

"Anganga, kodi ndi anyani?"

"Anyani ovala mipango, mwanangu. Anyani opita kumsikiti."

Anaseka, kenako anagwira mutu. Anandionetsa foni yake ija. Munali malo olemba kulemera kwa khobwe wouma. Munali malo osankha chimene chawononga: tizilombo, ng'amba, madzi osefukira, ziweto. Malo akuti eni munda adya munalibe.

"Bwanji ndidinize pa ziweto?" anandifunsa. "Mwina aona kuti vuto si mbewu."

"Adzukulu anga si mbuzi. Usadinize."

"Ndiye ndiuzeni makilo amene munadya, ngakhale mongoyerekeza."

"Ine cholowa m'kamwa mwa mwana sindiyeza pa sikelo. Ndikakuuza nambala ndiye kuti ndanama, chonsecho mwezi wosala wangotha kumene."

Mtsikanayo ndisamunenere zoipa, anamenya nkhondo. Analemba mawu ataliatali pansi pa manambala, zala zikuthamanga. Anakaima pachulu pamene foni imagwira n'kuyankhula ndi abwana ake, manja akuponya uku ndi uku. Ndinamumva akuti, "Bwana, wachepa chifukwa ndi wabwino!" Ine kumtima nthungululu.

Anabweranso mwera ukuwomba. Nkhope yake inandiuziratu asanatsike panjinga. Kompyuta inali itaphatikiza zonse, ndipo wofiira anali kumchira, pafupifupi kulikonse. Ndinati, ndiye kuti amayi akumapiri nawonso ali ndi pakamwa! Mawu ake ataliatali aja abwana ake anawawerenga, anati ndi nkhani yofunika, adzaiona ulendo wina. Koma lipoti lopita kwa amene amathandiza ntchitoyi linali lofulumira, ndipo wopambana anali wachikasu.

"Andituma ziwiri, anganga," anatero maso ali pansi. "Akufuna chithunzi chanu mu lipotimo, mutanyamula lichero la wachikasu, ndi mawu anu akuti mbewu imeneyi yasintha moyo wanu. Chinanso, wofiira amene watsala ndibwerere naye. Sanavomerezedwe, sayenera kukhala kwa alimi."

"Ndikakana?"

"Dzina lanu lichotsedwa m'kompyuta. Mbewu za chaka chamawa simulandira, ku maphunziro sakuitanani."

Ndinamuyankha mosaopa, mawu owongoka.

"Mwanangu, wachikasu ndilibe naye mlandu. Amabereka, eya. Koma amabwera chimanga chitabwera kale, mlendo wofika anthu atakhuta. Khungu lake kuuma, nkhuni kutha mtolo. Sanasinthe moyo wanga. Amene anandigwira dzanja ana akulira ndi wofiira. Ndiime ine, nkhope yanga iyi, mpango wanga wa Lachisanu, ndiyamike wina? Ayi. Mukandijambula, mundijambule ndi wofiira."

"Sangalole, anganga."

"Ndiye usajambule."

"Nanga mbewuyo?"

"Mbewu iti? Ina ili m'chigubu, m'phulusa, anankafumbwe asaione, ndipo chigubucho ndimagona nacho kumutu. Ina ndinapatsa mpongozi wanga wa ku Chembe. Ina inakwera kabaza kupita kwa mng'ono wanga ku Chiponde, mwina pano yawoloka kale malire popanda chiphaso. Kawauze abwana ako akaitsatire kumeneko."

Anapuma mpweya wautali. "Mukudziwa kuti ndiyenera kulemba kuti mwakana?"

"Lemba. Ulembe bwinobwino, asaganize kuti sindinamve. Ndamva, ndakana."

Anadiniza, anadinizanso. Ndinamufunsa, "Dzina langa lachoka?" Anati, "Lichoka nkhaniyi ikafika ku Lilongwe." Ndinaimirira, ndinamanga chitenje, ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku kubalalika. Iye anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kokha.

Dzina linachokadi. Anzanga analandira mbewu chaka chotsatira, ine ayi. Chithunzi anakajambula kwa mayi wina wa mudzi wapafupi, ndipo ndilibe naye chifukwa, ali ndi ana ake naye.

Koma mitambo itayamba kuda, pakhomo panga panayamba kumveka odi, odi. Uyu ndi kapu, uyu ndi kachitini, uyu wangotambasula nsonga ya chitenje. "Anganga, tigawireniko uja wofulumira." Ena mwa iwo ndi omwewo amene mayina awo akadali m'kompyuta. Ndimatsegula chigubu, ndimapeta phulusa, ndimathira. Aliyense ndimamuuza chimodzi: ukakolola usunge ya mbewu, upatseko wina. Chigubu chatsika mpaka pakati, ndipo mvula ya chaka chino sinayambe n'komwe.