Phokoso Limene Apongozi Sankalimva

Phokosolo ndinayamba kulimva tikutsika mtsetse wa kumlatho, pochokera kutchalitchi ku Manyamula. Khwee, khwee, ngati munthu akunola khasu pamwala, chakutsogolo kumanzere. Apongozi aamuna akaponda mabuleki linkayamba, akachotsa phazi linkaleka. Ine ndinali kumbuyo, khanda pamiyendo, mwana wanga wamkulu atatsamira phewa langa. Ndinayang'ana aliyense. Palibe amene anatembenuka.

Galimotoyo anatumiza ndi amuna anga kuchokera ku Joni kumene amagwira ntchito, ndipo oyendetsa anali bambo awo. Amayendetsa bwino, sathamanga, koma makutu awo anatha ndi makina ocheka matabwa ku Viphya, moti munthu umachita kukuwa kuti amve. Nanga ine ndikanakuwa bwanji? Kwathu ndi ku Kasungu, koma nditangokwatiwa kuno anandilangiza kuti mkamwana salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ukakumana nawo umapatuka n'kugwada, mawu ako amadzera mwa amama, apongozi aakazi. Sindinkadandaula nazo. Anthuwa amandisunga bwino, mbatata yoyamba kukumba amapatsa ana anga.

Titafika ndinawatsatira amama kukhitchini.

"Amama, galimoto ikulira pamabuleki."

"Ndi mchenga, mwana wane. Msewu wathu uno ukuudziwa."

Komabe anakawauza, mokweza mpaka nkhuku zinabalalika. Adada, apongozi aamunawo, anatenga ndowa, nathira madzi m'matayala onse, monga amachitira aliyense kuno galimoto ikadya fumbi. Anatero mokondwa, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndikusuzumira pawindo, ndikufunitsitsa kuti ukhaledi mchenga.

Sunali mchenga. Tsiku lopita kusikelo ndi khanda phokosolo linabweranso, tsopano lokhuthala, gwee, mpaka mpando unkanjenjemera. Pamalo ena ng'ombe zinadutsa, adada anaponda, galimoto inapitirira pang'ono isanaime, mphuno yake pafupifupi kugunda mwana wa ng'ombe. Ndinakumbatira ana onse awiri. Kenaka ndinatulutsa foni, ndinatsitsa galasi, ndinatulutsa dzanja kunja n'kujambula phokosolo pamtsetse wotsatira. Ndinawatumizira amuna anga.

Anaimba madzulo omwewo. "Iwe, ana anali momwemo? Chitsulo chikudya chitsulo chimenecho! Apatse amama foni."

Amama anaika foni kukhutu kwawo, akumva za mwana wawo n'kumakuwira amuna awo. Adada anangoti, "Mbwenu tipite ku boma mawa. Tonse, ana akaoneko tawuni." Kuno galimoto sipita ku Mzimba yopanda anthu, n'kuwononga mafuta.

Ndinagwada pakhomo la khitchini. Ndinanena. "Amama, ndapota, ana asakwere. Ine ndipita, koma ana ayi."

Amama anaseka. "Nawenso uli ndi pakamwa, eti? Chabwino, atsale ndi mlamu wako. Iwe tiye, ndiwe makutu athu."

Tinayenda ngati nkhono, wamkulu titamusiya akulira pakhomo pa mchemwali wa amuna anga. Makaniko wa ku Mzimba anali pansi pa mtengo kuseri kwa msika, munthu wansangala, wa dzino losweka. Atangomva tikuima anagwira mutu.

"Adada, mwabwera pagalimoto kapena pachigayo?"

Amama anabwereza mokuwa, adada anaseka mpaka kutsokomola. "Muuzeni agaye msanga, tili ndi njala!"

Anakweza galimoto ndi jeke, nachotsa tayala. Ine ndinaima chapatali koma maso onse ali pomwepo. Anamasula mabawuti, natulutsa tizitsulo tiwiri tokhala ngati zidendene za nsapato. Anati amenewo ndi mapadi, amene amafinya chimbale chozungulira ndi tayala kuti galimoto iime. Anabweretsa atsopano kuti tiyerekeze. Atsopanowo anali ndi mnofu wakuda, wokhuthala ngati chala. Athuwo mnofu unatheratu, kunatsala chitsulo chonyezimira. Chimbale chija chinali ndi mizere ngati munda wolima kumene. Anayendetsapo chikhadabo, chinkakodwa.

"Ichi chapita," anatero. "Madzi sakanachiza. Ndipo tisintha mbali zonse ziwiri, mukasintha imodzi galimoto izikokera kutchire."

Ntchito inatenga mpaka dzuwa kupendeka. Amama anagula nthochi, tinadyera pamthunzi, adada chauko, ife chakuno. Atamaliza anayang'ana mafuta a mabuleki, nauza adada kuti apope ndi phazi galimoto isanayende, mpaka chopondera chilimbe. Anapopa, poyamba phazi linkangolowa pansi, kenaka chinalimba. Anazungulira nawo msika pang'onopang'ono, akuima, akuyenda, akuima. Ine khutu lili tcheru. Zii.

Ndinasangalala, koma mantha ena anabwera pompo. Mapadi amenewa nawonso adzatha, ndipo adada sadzamvanso. Nanga tsiku limenelo ine ndikadzakhala kumunda, ana ali m'galimoto?

Ndinadikira adada apite kukagula ndudu za mnzawo, ndinathamangira kwa makaniko uja. "Achimwene, munthu ungaone bwanji osachotsa tayala?"

"Mukufuna kundilanda ntchito, mlamu?" Koma ananjuta, nandionetsa kabowo ka m'mkombero wa tayala, nati ndiunike ndi tochi ya foni. Ndinauona mnofu wakuda uja utagundana ndi chimbale. "Ukapyapyala kuyandikira kamtengo ka machesi, musadikire kuti ilire. Bwerani nayo."

Pobwerera mtsetse wa kumlatho uja tinatsika mwakachetechete, amama akuwodzera. Wamkulu uja tinamupeza akudya chimanga chowotcha, kulira anaiwala kale.

Kuyambira pamenepo, m'mawa wa ulendo uliwonse ndimasesa pabwalo mpaka ndifike pagalimoto. Ndimaika tsache pansi, ndimagwada patayala lakumanzere, kenaka lakumanja, foni m'dzanja lina, kamtengo ka machesi m'dzanja lina. Adada amandiona ali pakhonde, amayang'ana kumbali mwaulemu, makiyi ali m'manja, sadzuka. Ana amaima pakhomo atavala kale nsapato, wamkulu atagwira dzanja mng'ono wake, amene tsopano akuyenda. Amadziwa kuti sakwera mpaka nditadzuka, nditasansa fumbi pachitenje, n'kuwakodola.