Zinkhwe za M'mphako ya Muwanga

Kuseri kwa chigafa cha fodya kwathu ku Mkanda kudakali kachitseko ka waya, kadzimbiri, kopachikidwa pa msomali. Abale anga akakaona amayamba kuseka ndi kukamba za zinkhwe za malume ngati nthabwala. Ndaimva nkhaniyi kambirimbiri, ndipo nthawi zonse gawo langa limasiyidwa. Popeza mnzanga wina kuno ku koleji wandifunsa mtundu wa chinkhwe umene munthu wongoyamba kuweta angasankhe, ndaona kuti nkoyenera ndilembe zimene zidachitika, osachotsapo ngakhale zimene zimandichititsa manyazi.

Idali nyengo yokumba mtedza, patangopita miyezi yochepa sukulu ya pulayimale itakhala yaulere. Ndidali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Masiku amenewo munthu aliyense ankafuna geni yake. Malume, mlongo wawo wa mayi, adabwerako ku Chipata pa njinga ndi mphekesera yoti kumeneko kuli anthu ofuna mbalame zoyankhula. Adatsimikiza mtima kuti aweta zinkhwe, ziswane, iwo azikagulitsa tiana take.

Aphunzitsi athu, munthu wa ku Zomba amene ankabwera kudzagula nkhunda kwa malume, adayesa kuwalangiza. "Bambo, wongoyamba amayamba ndi timbalame ting'onoting'ono tobadwira m'khola, ngati timene ena amaweta ku Lilongwe. Zakutchire sizilola."

Malume adaseka. "Aphunzitsi, inu kaphunzitseni ana kuwerenga. Ine nkhunda ndidayamba kuweta inu musanagwire choko. Mbalame ndi mbalame basi."

Apa ndi pamene ndilowa ine. Pa njira ya ku dimba padali mtengo wa muwanga wokhala ndi mphako, ndipo ndinkadziwa kuti zinkhwe ziwiri zimalowa ndi kutuluka m'menemo: zodera kumsana, zobiriwira kumimba, zachikasu m'mapewa. Palibe amene adandifunsa. Ndidapita ndekha kukawauza malume, chifukwa ndinkafuna kuyamikiridwa. Ndipo adandiyamikiradi. "Mwana wa mlongo wangayu ali ndi maso," adatero. "Chimodzi chidzakhala chako."

M'mawa mwake adakapaka ulimbo pa timitengo nakatimangirira pakamwa pa mphako. Dzuwa lisanafike pamutu zonse ziwiri zidali zitakodwa. Adabwera nazo m'thumba la feteleza, zikulira ngati chitsulo chokwechesa pa mwala. Ulimbo udali utamata nthenga, ndipo malume adauchotsa ndi kansalu koviika m'parafini. Fungo limenelo, losakanikirana ndi chitosi chimene mbalamezo zidadziipitsira chifukwa cha mantha, limandibwererabe m'mphuno ndikayatsa nyali.

Kenako adachita zimene woweta nkhunda aliyense kwathu amachita ndi nkhunda yachilendo: adazula nthenga zazitali za phiko limodzi kuti zisathawe mpaka zizolowere pakhomo. Ndidawagwirira mutu wa mbalame ndi chiguduli. Nthenga iliyonse inkatuluka ndi kadontho ka magazi kunsonga. Lero ndikanena kuti zidali zonyansa, sindikunena za magaziwo ayi; ndikunena za mtima wathu, umene udali mbee ngati tikusenda chimanga.

Chimodzi, chimene malume ankati nchachimuna, chidafa tsiku lotsatira, chikununkhabe parafini. Chotsalacho chidakhala changa. Adachitsekera m'khola la nkhunda lomwe adalikuta ndi waya, ndipo ntchito yanga idali kuchipatsa madeya onyowa ndi mtedza. Madeyawo ankasasa padzuwa, ntchentche zobiriwira nkumaunjikanapo. Malume ankakhala pa mpando kutsogolo kwa khola akubwereza, "Odi! Nena odi!" Tsiku lachiwiri adalowetsa dzanja, ndipo chinkhwecho chidawaluma chala chachikulu mpaka kufika pafupa.

"Chakuyankhanitu, achimwene," adatero mayi akuwamanga ndi kansalu. "Pitirizani sukuluyo." Chalacho chidatupa nkuyamba kuchucha mafinya, ndipo ndi pomwepa pamene abale anga amamalizira nkhaniyi akamaikamba.

Koma chidalipo china chimene ndidachiona ine ndekha, popeza ndine ndinkasamala kholalo. Chinkhwecho chinkadya mtedza mwaphuma, ngati chikuthamangitsidwa. Chikatha, chinkakwera pa waya ndi mlomo, mbali imodzimodzi nthawi zonse, yoyang'ana ku dimba. Pamenepo chinkagwedeza mutu kangapo nkubzukula phala lachikasu, lonanda, limene linkatsetsereka pa waya nkuuma. Ndinkalipala ndi chitsononkho ndikuchitukwana: "Chimbalame chauve iwe, ukudyeranji ngati ukufuna kusanza?"

Tsiku lachitatu mayi adabwerako ku dimba nkhope ili gwa. Adatsitsa keni yothirira nati kwa malume, "Achimwene, mumtengo muja muli kulira. Tiyeni tikachibweze chinkhwechi. Kuuluka sichingathe, koma kukwera chimakwera."

Malume, chala chili m'mwamba, adali atatopa nazo. "Funsani mwini wake uyo," adatero akuloza ine.

Sindinganame kuti mawu a mayi sadandifike. Adandifika onse. Koma m'makutu mwanga mudangotsala amodzi, oti akufuna kundilanda. Ndidathamanga nkukaima kutsogolo kwa khola, ndidakuwa kuti nchanga, ndidagubuduka m'fumbi mpaka anthu a nyumba zapafupi adatuluka. Mayi adanyamula keni yawo nkulowa m'nyumba, ndipo tsiku lonselo adangondiyankhula zofunikira zokha.

Patapita masiku ochepa ndidadutsa pa muwanga uja. Padali zii. Mzere wa nyerere unkakwera thunthu nkulowa m'mphako, wina nkumatsika, ndipo mphepo ikaomba pankabwera fungo la chinthu chovunda. Ndidatseka mphuno nkuthamanga, ndikuganiza kuti mwafera khoswe. Chinkhwe changa chidasiya kudya sabata yomweyo. Ndidachipeza m'mawa wina chili chagada m'madeya, ndipo malume adachinyamula pa fosholo nakachiponya m'chimbudzi, akunena kuti udali mtundu woipa.

Chaka chatha, m'kalasi ya sayansi ya zamoyo, mphunzitsi adafotokoza mongodutsa kuti zinkhwe zimadyetsa ana awo pobzukula chakudya chimene zayamba zachifewetsa m'chithokomiro. Anzanga adalemba m'makope. Ine ndidakumbukira khola lija. Phala lija limene ndinkalipala monyansidwa silidali matenda kapena uve. Chidali chakudya chopita kwa eni ake, tiana ta m'mphako muja, ndipo amene adaima pakhomo ndidali ine.

Kwa mnzanga uja yankho langa ndi la aphunzitsi: yambani ndi mbalame zobadwira m'khola, ndipo za m'mphako zisiyeni. Kwa owerenga, ngati ndalakwitsa kalembedwe ka mawu ena kapena maonekedwe a mbalamezi, chonde ndikonzeni. Ndipo ngati alipo wodziwa kuti tiana ta chinkhwe timatha masiku angati popanda chakudya, andiuze mosabisa, pakuti ndikufuna kudziwa ngati tsiku lachitatu lija tianato tikadapulumuka.