Tsiku Limene Ndinapha Nsomba ya Asewele

Mwana wanga wamkazi atabwera ndi mnyamata wachizungu kunyumba kwathu ku Tottenham, ine sindinanene kanthu. Kwathu bambo salankhula pa nkhani ya ukwati. Mwini mwana ndi malume ake. Koma malume akewo anali ku Mchinji, akulima fodya, ndipo foni yawo inkagwira pokhapokha akakwera pachulu. Nkhani inagwera ine.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku Wembley, m'nyumba yosungira katundu. Kukoka mabokosi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mayi a kunyumba anali namwino, ndipo ndiwo anatibweretsa kuno. Mwanayo anafika ali wamng'ono, anaphunzira za mankhwala, nakhala munthu. Mnyamata wakeyo analibe vuto. Ankavula nsapato pakhomo. Ankadya chimene wapatsidwa.

Vuto linali bambo ake. Tinaonana kamodzi, kwawo ku Lewisham. Mdala wamtali, wopuma pa ntchito ya mapaipi, wouma pakamwa ngati ine. Tinakhala moyang'anana ola lathunthu. Anati kunja kukuzizira. Ndinavomera. Tinamwa tiyi. Pobwerera mwana analira m'basi. Anati mdalayo sanatikonde, ndipo mnyamatayo sangakwatire bambo ake asanavomere.

Patapita milungu itatu uthenga unafika. Mdala akundiitana kokawedza nsomba ku Scotland, masiku anayi. Ankapita ku nyanja imodzimodziyo chaka ndi chaka, zaka makumi awiri. Mnzake amene ankapita naye anamwalira. Malo m'boti analipo.

"Mayeso ndi amenewa," anatero mayi a kunyumba. "Mukakafika muzikasekako. Mano muli nawo onse."

Mwana anandigulira jekete yamvula ndi majombo. Akundiyesa jeketeyo anati, "Adadi, chonde. Mukangochita zimene iwo akuchita, basi. Musakayambe zanu."

"Zanga ziti?"

"Mukudziwa."

Sindinkadziwa. Pa nkhani ya nsomba sindinkaopa munthu. Ndinakulira m'mbali mwa Bua. Milamba ndaigwira ndi mbedza, ndi mono, ndi manja m'matope. Mzungu wa mapaipi akanandiphunzitsa chiyani? Mayi nawo anachotsa nkhuku ziwiri mufiriji kuti nsomba zidzapeze malo.

Tinayenda tsiku lonse pa galimoto yake. Ankatchula manambala a misewu. Ine ndinkati eya.

Nyanjayo inali yaitali, yakuda bii, pakati pa mapiri opanda mitengo. Panalibe mudzi, panalibe bwato, panalibe wochapa kapena wogulitsa kanthu. Madzi onse aja anangokhala, ngati munda wa munthu womwalira.

Wotitsogolera anali mwini boti, munthu wamfupi wa ndevu zofiira. Boti lake linali ndi injini, mipando yofewa, ndi kawailesi kakanema koonetsa nsomba zili pansi pa madzi. Kwathu munthu woona pansi pa madzi amamutengera kwa amfumu. Kuno ndi ntchito yolemekezeka. Iye ndiye ankamanga mbedza, kukoleka nyambo, kuponya chingwe, kenako n'kukupatsira ndodo m'manja. Nyambo yake inali nsomba yathunthu, yoti anthu atatu angadyere. Ntchito yako inali kukhala pansi ndi kuzizidwa.

Nsomba ya m'menemo amaitcha paiki. Ndi yaitali, ya mawanga obiriwira, mlomo ngati wa bakha, mano ngati singano. Yoyamba anakola ndi mdala. Inali ngati mkono wanga. Mwini boti anaitunga ndi kaukonde, n'kuigoneka pa kamatiresi konyowa. Inde, nsomba ili ndi matiresi. Anaichotsa mbedza ndi pulayala, pang'onopang'ono, akuinong'oneza. Anaiika pa sikelo. Mdala anainyamula ngati khanda, anajambulidwa, akumwetulira koyamba chimuonere. Kenako mwini boti anaitsitsira m'madzi, akuisisita pamimba mpaka inatsitsimuka n'kumapita.

Ndinayang'ana mdala. Anali wokondwa. Ndinaganiza. Ndinapeza yankho. Anthu awa akuti imeneyi ndi yaing'ono. Kwathunso tiana timatibweza kuti tikule. Kungoti azungu ndi odzikuza, kwa iwo mwana wa nsomba amafika mkono wathunthu. Akudikira make.

Yachiwiri anabweza. Yachitatu inali yanga. Manja anakana kuisiya, koma ndinakumbukira mawu a mwana. Ndinajambulidwa, mano onse panja. Ndinaibweza. Mtima unawawa ngati ndaponya malipiro m'chimbudzi.

Madzulo ku nyumba ya alendo tinapeza makoma odzaza zithunzi za amuna atanyamula nsomba zikuluzikulu. Chakudya chitabwera chinali nyama ya ng'ombe yokutira ndi ufa. Anthu okhala pa gombe, otopa ndi kuwedza tsiku lonse, akudya ng'ombe. Apa ndinayenera kufunsa. Sindinafunse. Munthu wofunsafunsa kwa asewele amaoneka wopanda nzeru.

Tsiku lachiwiri kunagwa mvula yosalekeza. Mpaka masana palibe chinagwedezeka. Mdala anali ndi fulasiki yachitsulo, yaikulu, ndipo ankandithirira tiyi osalankhula. Ndinaona ngati zikuyenda.

Kenako chingwe chake chinathamanga. Ndodo inapindika mpaka nsonga kukhudza madzi. Mdala anaimirira, mwini boti anamugwira lamba kumbuyo. Analimbana nayo nthawi yaitali. Akaikoka ibwera, ikaona boti ibwerera pansi. Thukuta linatuluka pa mzungu m'mvula. Itatulukira pamwamba, mwini boti anavula chipewa. Anati, "Ndi iyeyu. Mayi wamkulu uja."

Mdala anati, "Zaka makumi awiri."

Anaikweza awiri. Sinakwane pa matiresi. Ndikanaiimika ikanandifika pachifuwa. Mimba ngati ntchafu ya munthu wonenepa. Ndinati mumtima, eya, make uja wafika, tsopano tigwira ntchito.

Mwini boti anachotsa mbedza, natembenuka kukatenga sikelo m'bokosi. Mdala magalasi ake anachita nthunzi, manja ali m'chikwama kufufuza kamera. Nsomba inatsala yokha. Inapinda thupi, inamenya mchira, inalumpha. Mutu unafika pa mlomo wa boti. Kamodzinso, ikanapita. Nsomba imene munthu waidikira zaka makumi awiri. Nsomba ya bambo wa mkamwini wanga.

Ndinaikhalira ndi bondo. Ndinatenga fulasiki ija. Katatu, kumbuyo kwa maso, pamene timamenya mlamba. Inanjenjemera, inawongoka, inakhala chete.

Ndinainyamula ndi manja awiri, ndinapinda maondo pang'ono mwaulemu, n'kuipereka kwa mdala. Ndinati m'Chingerezi changa, "Tsopano sithawanso, bwana."

Palibe analandira.

Mvula yokha ndiyo inkamveka pa majekete. Kenako mwini boti anatsegula pakamwa. Mawu ena ndinali nditawamvapo ku Wembley bokosi likagwera munthu paphazi. Ena anali atsopano. Anagwada, anandilanda nsomba, anaiviika m'madzi, akuisisita, akuiyendetsa uku ndi uku. Ndikanamuuza kuti asavutike. Ndikamenya ndamenya.

Mdala ndiye anandifotokozera, pang'onopang'ono, ngati kwa mwana. Nsombayo inkadziwika. Inali ndi mchira wong'ambika mbali imodzi. Zithunzi zambiri za pakhoma paja zinali za iyo yomweyo, m'manja mwa anthu osiyanasiyana. Anthu ankachokera kutali kudzaisaka, ndipo mwini boti ankadya chifukwa cha iyo.

"Kuno sitipha," anatero. "Ngakhale imodzi."

"Ngakhale yaikulu?"

"Makamaka yaikulu."

"Nanga mumawedzeranji?"

Ndinafunsa ndi mtima woona.

Mwini boti analiza injini. Pa gombe anatiuza kuti tinyamule katundu wathu, ndipo tisadzapondenso m'boti lake, tonse awiri. Mdala sanadandaule, sanapemphe. Anangogwedeza mutu n'kuyamba kupinda ndodo zake. Nsomba inatsala pa matabwa. Mwini boti anati sakufuna kuionanso. Ndinaima pamenepo. Kupha ndinalakwa, chabwino. Koma kusiyira akhwangwala ndiwo yotere likanakhala tchimo lachiwiri. Ndinavula jekete ija anandigulira mwana, n'kukulungamo nsombayo. Mdala anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula buti ya galimoto.

Tinanyamuka mbandakucha tsiku lotsatira. Manambala a misewu sanatchulenso. Fulasiki inali pakati pathu, yophwanyika mbali imodzi. Foni yanga inalira kanayi, mwana akuimba. Sindinayankhe. Ndinkakonza mawu omuuza kuti bambo ake amuphera ukwati ndi fulasiki. Mawu sanapezeke.

Titaima kumwetsa mafuta ndinayesa. Ndinati, "Ndalakwa. Pepani kwambiri. Mwana wanga alibe mlandu."

Anati, "Tiyi wanu akuzizira."

Tinafika ku Tottenham dzuwa likadalipo. Ndinkaganiza kuti anditsitsa n'kumapita. Koma nsomba inali yolemera, ndipo tinkakhala pa nsanjika yachiwiri. Anatsika. Iye anagwira kumutu, ine kumchira, tinakwera masitepe ngati tanyamula maliro.

Mayi anatsegula chitseko. Anafunsa chifukwa chake tabwera msanga, koma ataona mchira ukutuluka m'jekete funso linathera pomwepo. Anavundukula. Analuluta, nthungululu yeniyeni, mpaka wa khomo loyandikana anasuzumira. Anagwada pamaso pa mdala akuomba m'manja.

"Awa ndiye anthu!" anandiuza m'Chichewa. "Osati zija zobweretsa maluwa ngati kuno kwagwa zovuta. Taonani mimba yakeyo, bambo inu! Firiji ikwana?"

Kenako anatembenukira kwa mdala m'Chingerezi chawo cha kuchipatala. Anati kwathu banja lobwera ndi ndiwo yotere labwera ndi mtima wonse. Anati Mulungu amudalitse. Anati asatuluke asanadye.

Mwana anali kumbuyo kwa mayi ake. Iye sanalulute. Anakulira kuno, amawadziwa azungu. Anayang'ana mutu wa nsomba, pamene panali potupa. Anayang'ana ine.

"Adadi. Mwachita chiyani?"

"Tawedza."

"Adadi."

Ndinayang'ana majombo. Anatembenukira kwa mdala, nkhope itayera. Anafunsa ngati si zoona kuti nsomba zimenezi amazibweza m'madzi.

Mdala anavula magalasi. Anawapukuta ndi malaya. Anawavalanso. Mawu ochepa okha, ndipo zonse zikanathera pakhomo pomwepo.

"Timabweza," anatero. "Koma iyi inameza mbedza mpaka m'mimba. Sikanakhala moyo. Bambo ako anaichitira chifundo. Anachita mwachangu."

Mbedza ija ndinaiona ndi maso anga. Inakola pamlomo, ndipo inachoka mosavuta. Mdala ananama osaphethira, bwino kuposa mkulu wa mpingo.

Mwana anapuma. Mayi anali atayamba kale kunola mpeni.

Anaikazinga ndi anyezi ndi tomato. Nyumba yonse inanunkha. Anatiikira patebulo awiri, iwo n'kukhala kukhitchini monga mwa mwambo. Ndinalawa. Inkamveka matope. Minga yake inali ya mphanda, yobisala m'nyama paliponse. Umatafuna kamodzi, n'kulavula katatu. Mlamba wa mu Bua ukanaiseka.

Mdala anadya chidutswa chonse. Anatenganso china. Minga ankaindandalika m'mphepete mwa mbale mwadongosolo, ngati zida za ntchito.

"Munaidyapo kale?" ndinafunsa.

"Ayi. Koyamba."

"Ikukoma?"

Anayang'ana kukhitchini, natsitsa mawu. "Ayi."

"Inenso ndikuona choncho."

Mapewa ake anagwedezeka. Poyamba ndinaganiza kuti munga wamukola pakhosi, ndinatsala pang'ono kumumenya pamsana. Ankaseka. Ankaseka opanda mawu, misozi ikutsika. Anati zaka makumi awiri akuzizidwa m'boti chifukwa cha chinthu chomveka ngati madzi a m'paipi yotsekeka. Anati ngakhale chithunzi chake alibe.

Ndinati mutu ulipo mufiriji, ngati akufuna kujambulidwa nawo.

Anakana.

Kukhitchini mpopi unkathira madzi. Mwana ankatsuka mbale imodzi yomweyo kuyambira pamene tinayamba kudya. Mdala anapukuta manja, anakankha mbale.

"Mwana wanga akuti kwanu bambo salankhula za ukwati. Akuti pamafunika amalume."

"Ndi zoona. Timati ankhoswe."

"Ndili ndi mlamu wanga. Khutu limodzi silimva. Angathandize?"

"Ameneyo ndiye wabwino. Nkhoswe isamamve zonse."

"Ndibwere naye liti?"

"Loweruka."

Kukhitchini mpopi unatsekedwa.