Mwana Amene Sukulu Inamukana

Tsiku limene anamuvula tayi ya sukulu, mayi ake anali pakhonde pomwepo, chokolopera chili m'manja. Anamva zonse, chifukwa chitseko cha ofesi ya ahedi sichinkatsekeka bwino.

Sukuluyo ndi ya boma, yakale kuposa agogo anga, moti masitepe ake anachita kukumbika ndi mapazi a ana. Inatulutsa madokotala ndi majaji, zithunzi zawo zili ndandanda m'holo. Pageti pali chikwangwani chonyadira kuti kwa zaka makumi atatu palibe analepherapo mayeso omaliza. Ine ndinaphunzira pomwepo, ndipo chikwangwani chimenecho chimandinyansa mpaka lero.

Chinsinsi chake ndi ichi. Akalemba mayeso oyeserera, ana asanu otsiriza ankaitanidwa ku ofesi. Ankawavula tayi, kuwaletsa kulowa m'kalasi, n'kuwalembetsa mayeso ngati ophunzira akunja, odziwerengera okha kunyumba. Akalephera, alephera okha. Sukulu ili mbee!

Chaka chimenecho wotsiriza anali mwana wa mayi okolopa. Anali atadwala teremu yonse, koma ndani anafunsa? Anzake anamupatsa dzina loti Mchira.

Mayi aja analowa mu ofesi osagogoda. "Bwana, mwanayu amadwala. Mupatseni mpata, chonde."

"Mayi, mbiri ya sukulu ino sinamangidwe ndi chisoni," anatero ahedi. "Kapitirizeni ntchito yanu."

Anakapitirizadi. Akanatani?

Mchira analira masiku awiri osatuluka m'nyumba. Tsiku lachitatu mayi ake anabwera ndi thumba la mapepala otola m'mabini a m'makalasi. Iwo sukulu anailekera kalasi yachitatu, ndiye ankangotola zilizonse: mayeso akale, manotsi ong'ambika, ngakhale mndandanda wa ana olongolola.

"Amayi, izi ndi zinyalala," anatero Mchira.

"Ndiye sankhamo, mwanawe. Ine maso ndili nawo, koma owerenga ndi ako."

Sanalekere pomwepo. Ana akaweruka, mayi aja ankakhala padesiki n'kumakopera masamu a pabolodi asanafufute. Sankadziwa kuti akulemba chiyani. Ankangojambula chizindikiro chilichonse mmene chikuonekera, lilime lili kunja.

Tsiku lina aphunzitsi a masamu, mdala wosaseka uja tonse tinkamuopa, anawapezerera. Anayang'ana pepala, anayang'ana mayi aja, n'kutuluka. Kuyambira mawa lake anayamba kulemba zilembo zikuluzikulu, n'kumasiyanso mayankho pakona ya bolodi. Ife tinkangoti mdala maso ayamba kumuvuta.

Miyezi isanu Mchira anawerenga zolemba zokhotakhota za mayi ake. Pena manambala ankakhala chadodolido, iye n'kumavutika tsiku lonse kufufuza polakwika. Kufufuzako n'kumene kunamunola mutu. Mayeso anakalembera ku holo ina, pakati pa anthu osawadziwa, atavala diresi la kunyumba.

Zotsatira zitatuluka, aa! Mchira anaposa ana onse a m'chigawo chonsecho. Nyuzipepala inalemba dzina lake, ndipo pamalo olemba sukulu panalembedwa kuti wakunja.

Nthawi imeneyo sukulu inkakonzekera chikondwerero cha zaka zana. Ahedi, opanda ndi manyazi omwe, anafika kunyumba kwa Mchira ndi munthu wojambula zithunzi.

"Mwana wathu! Tikufuna chithunzi chako chikakhale m'holo."

Mchira anawapatsa mpando, ulemu wonse. Kenako anati, "Pepani aphunzitsi, mwasochera. Ine si wa sukulu yanu. Kalata yondichotsa munasaina nokha."

Lero ndi injiniya, amamanga milatho. Koma musafulumire kuomba m'manja, mtima wanga sunapole. Ana aja anali asanu. Anayi enawo anakhulupirira zimene ahedi anawauza, kuti ndi mbuli, ndipo tsiku la mayeso sanapite n'komwe. Wina ndimakumana naye pamsika, akandiona amayang'ana kumbali.

Ndiye inu amene akufufutani pamndandanda kuti wina aoneke bwino, ndimvereni. Kwiyani, lirani ngati kukufunika kulira, koma musawathandize kukumalizani. Iwo angakukaneni pepala lisanalembedwe, koma cholembera chili m'manja mwanu. Musataye mtima, abale anga. Tsiku la mayeso likafika, dzukani, sambani, mupite mukalembe.