Mayi Makiyi ndi Ana a Pakhonde

Anthu ankawaitana Mayi Makiyi, chifukwa makiyi a m'chiuno mwawo ankamveka eni ake asanaoneke. Anasesa pasukulupo zaka zoposa khumi. Ankadziwa zenera lofuna kumenyedwa ndi chikhatho kuti litseguke, mpando wong'amba zovala, ndi mwana amene wabwera osadya. Kuwerenga kokha sankadziwa.

Aphunzitsi anali mayi wopuma pantchito, amene anachoka kudziko lakwawo kudzaphunzitsa mongodzipereka kwa chaka chimodzi. Anafika ndi chikwama cha mabuku a ana. Mayi Makiyi ndi amene anawatembenuza maganizo, uku akukolopa mozungulira mapazi awo.

"Ana ali nawo aphunzitsi. Nanga ife amayi awo? Mwana wanga wamkazi akandilembera pafoni ndimapita nayo kwa aneba. Kukacha, msika wonse wadziwa kuti mwamuna wake sagona pakhomo."

Kalasi ya amayi inayamba choncho. Tsiku loyamba anabwera asanu ndi atatu, aliyense ndi mwana kumsana. Wina analira, wina anadya choko, wina anakodzera buku. Mayi Makiyi, amene anakhala kutsogolo ndi pensulo yatsopano, anaimirira.

"Bweretsani kuno timabwana tanuto. Lero lokha."

Anatuluka nato pakhonde. M'kalasi munati zii, ndipo mtima wa Aphunzitsi unakhala pansi.

Lero lokhalo linatha miyezi khumi. Amayi anafika makumi awiri, ndipo pobwera ankangotula ana pakhonde ngati katundu. Mayi Makiyi ankayala bulangete, kusintha matewera, kuleretsa olimbirana chitini. Onse akapita ankasesa ndi kutseka. Aphunzitsi ankawaona pazenera, mwana wina kumsana, wina pamwendo, nkumati mumtima, sabata yamawa ndikonza. Koma kalasi yabata imakoma. M'makalata opita kwawo ankalemba za amayi makumi awiri amene ayamba kuwerenga, za pakhonde ayi.

Kutatsala masabata atatu kuti Aphunzitsi abwerere kwawo, Mayi Makiyi anawapatira foni.

"Tandiwerengerani. Inu mukupita, simuuza munthu."

Aphunzitsi anawerenga mokweza uthenga wa mwana wamkazi uja: "Amayi, mwayamba kuwerenga nokha? Ndili ndi nkhani, koma ndilemba mukandiuza kuti palibe wina akuona." Anawabwezera foniyo. Mayi Makiyi anangoti "Oho," natenga tsache.

Mawa lake Aphunzitsi anapereka choko kwa Atelala, mayi amene ankawerenga kuposa onse, iwo nakakhala pabulangete.

"Mudzagwetsa ana a eni," anatero Mayi Makiyi. "Onani mmene mwamugwirira, ngati wailesi."

"Lowani, chonde."

"Uyo amaluma. Uyu akangoti phee, dziwani kuti wayipitsa."

"Lowani, amayi. Mpando wanu uli kutsogolo."

Tsikulo Aphunzitsi analumidwa kawiri, diresi linanyowa, ndipo msana unawauza zaka zawo. Linali ola limodzi lokha. Pazenera ankamva Atelala akukalipa, "Mchira wa chilembocho upite pansi, achemwali, si chogwirira ndowa chimenecho!" Atapempha amayi kuti azisinthana pakhonde, awiri okha anavomera. Enawo anayang'ana m'makope.

Masabata atatu ndi ochepa. Tsiku lonyamuka, pamalo okwerera basi, Mayi Makiyi anatulutsa foni nayamba kulembera mwana wawo, akubaya zilembo ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Zinawatengera nthawi yaitali: ndili ndekha lemba pangono.

Yankho linabwera basi isanadzaze. Linali lalitali, lodzaza foni yonse mpaka kutsikira pansi. Mayi Makiyi analiyang'ana, milomo ikuyenda pa liwu loyamba. Aphunzitsi anatambasula dzanja, kenaka analibweza.

"Ndiyamba ndi mzere wapamwamba," anatero Mayi Makiyi. "Inu kwerani, mungasowe malo."