Jekete la Msilikali Wofera Paphiri

Ndikukumbukira fungo la holo ya sukulu yathu ku South Bend, ku America: mankhwala okolopera, nsapato zonyowa ndi chipale chofewa, ndi thukuta langa m'jekete laubweya. Aphunzitsi anali atakonza zoti mwana aliyense avale ngati munthu wa m'mbiri ya America, aime njo ngati chiboliboli, ndipo kholo likadina batani lapepala pachifuwa pake, afotokoze moyo wa munthuyo ngati wake.

Ine anandipatsa mtsogoleri wa asilikali apakavalo, wa tsitsi lalitali lachikasu. Anatchuka akadali mnyamata chifukwa chothamangira kutsogolo pamene anzake ankayamba aganiza kaye. Kenako anatumizidwa kumadzulo kukapirikitsa eni nthaka. Azondi ake atamuchenjeza kuti msasa umene ankafuna kuuthira nkhondo unali waukulu zedi, iye anagawa asilikali ake m'timagulu n'kuukira basi. Chiganizo changa chomaliza chinali chakuti ndinafera paphiri pamodzi ndi onse amene ananditsata.

Amayi anasokerera mabatani agolide pa jekete lapakaunjika ataweruka kuchipatala kumene ankasamalira odwala, nkhaniyo asakuidziwa. Anaimva kutatsala tsiku limodzi, ndikuyeserera kukhitchini. Kwathu munthu wamoyo sadzitchulira imfa, amati ukuiitana.

"Iwe! Ndi pakamwa pako ukuti unafa?" anatero. "Ukapresente zonsezo, koma pamenepo ukadumphe."

Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikapanikizika, kuti aphunzitsi akandichotsera malikisi. Amayi anangondiyang'ana.

M'mawa mwake ndinaima pakati pa mnyamata wovala ngati wopita kumwezi ndi mtsikana wonyamula nyali. Wigi inkandiyabwa. Makolo a anzanga ankadina, ine n'kumafa mwaulemu, maso ali kukhomo. Kenako Amayi analowa ali mu yunifolomu, ndipo aphunzitsi anabwera pambali pawo, cholembera chili m'manja. Amayi anadina batani.

Ndinabadwa, ndinaphunzira usilikali, ndinakwera kavalo, ndinanyoza azondi. Ndinkakoka mawu poyembekeza kuti mmodzi wa awiriwo atopa n'kupita. Palibe amene anasuntha. Ndinayang'ana cholembera, ndinayang'ana nsapato za Amayi, n'kunena chiganizocho.

Amayi anasanjika dzanja pa wigi, anatsinzina, n'kuyamba kuikana imfa m'Chichewa, mokweza, m'dzina la Yesu. Wopita kumwezi anavula chisoti kuti aone bwino. Aphunzitsi, posowa chochita, anaweramitsa mutu. Jeketelo silinalowenso m'nyumba mwathu. Linatsala m'bini pamalo okwerera basi.

Papita zaka zambiri. Za mtsogoleri uja ndinawerenga ku yunivesite, ndipo ndimakayika ngati ndingalole mwana wanga kumuvala, ngakhale zifukwa zanga n'zosiyana ndi za Amayi. Posachedwapa ndinawaperekeza kwa dokotala kuno ku Indianapolis. Masiku ano akatopa Chingerezi chimawathawa, choncho ndinkamasulira ndine. Dokotala anafunsa zimene iwo akufuna kuti zidzachitike mtima wawo ukadzaima.

"Uwauze kuti ndikadzafa asadzandivutitse ndi mashini," anatero Amayi modekha. "Mudzandinyamule ndikagone ku Dedza."

Dokotala anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana nsapato za Amayi.

"Nena, mwanawe," anatero Amayi. "Adokotalawa ali ndi odwala ena."