Komputadolo yochedwa ndi kadeno ya a Fabiyano

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kunamizira makina osalakwa.

Ena mukudziwa kale kuti chaka chino ndakhala ndikuthandiza pa misau ina, kapena kuti mishoni, ya Akatolika kuno kwathu ku Angoniya, kulowetsa mabuku akale a ubatizo mu komputadolo. Amayi atatu akhala akukopera mayina kwa miyezi yambiri. Ine yanga inali kumanga nkhokwe yosungiramo mayinawo, imene anzanga a ntchito imeneyi amati baze de dadusi. Mkati mwake muli matabela: ina ya obatizidwa, ina ya makolo, ina ya midzi, ina ya mabuku ndi masamba ake. Zonse n'zolumikizana. Mwana uyu ndi wa mayi uyu, mayiyo ndi wa mudzi uwu, ndipo nkhani yawo ili pa tsamba lakutilakuti.

Matirikula, kulembetsa ana pa shikola, akuyamba Lolemba likubwerali. Mabanja ambiri kumidzi kuno alibe pepala lina lililonse, ndipo kalata ya ubatizo ndiyo imawatsegulira khomo loyamba. Alembi a m'masekeretariya, maofesi a mashikola ozungulira, azifunsa nkhokwe ija onse nthawi imodzi, makolo ali pamzere panja. Choncho ndinati ndiyese kaye mphamvu zake anthu asanabwere.

Ndinalemba kaporogarama konamizira kukhala alembi makumi awiri, onse akufunsa mayina mosalekeza, ine n'kumaona kuti pa mphindi imodzi pakutuluka mayankho angati. Zimene ndinaona zinandichititsa manyazi ndili ndekha m'chipinda. Mlembi mmodzi akafunsa, yankho linkachedwa koma mopiririka. Akafunsa onse, munthu akanatha kupita kumsika, kukasankha mbatata, kunenerera, kubwerako, yankho lisanatuluke.

Mukuganiza kuti ndinayamba kudzifunsa ine mwini? Ayi ndithu. Ndinanena magetsi. Ndinanena zingwe. Pomaliza ndinati komputadoloyi yakalamba, ndipo ndinakhala pansi n'kulembera a Padiri kalata yopempha ina yatsopano. Kalata yake inali yokoma zedi, Chipwitikizi chosalala. Mwayi wake a Padiri anali atapita ku Tete, kalatayo inagona m'thumba.

Lachitatu mtima utatsika ndinayamba kufufuza chimodzichimodzi. Cholakwa choyamba ndinachipeza m'kuyesa kwanga komwe: alembi anga onamizira aja onse ankalowera pa khomo limodzi, wina kudikira mnzake. Ndinawatsegulira makomo makumi awiri. Zinasintha pang'ono chabe, ndipo tsopano makina anayamba kulira ngati chigayo. Ndinauza nkhokwe ija kuti indionetse njira imene ikudutsa posaka dzina. Inandionetsa mosabisa: funso lililonse, inkawerenga mayina onse, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Chonsecho ndinali nditaikonzera indise, mndandanda wa mayina motsatira zilembo, woti izingolumphira pamalo pake. Bwanji inkaunyalanyaza? Ndinapita kunyumba mutu uli gwa.

Lachinayi m'mawa ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde. Anali a Fabiyano, mlembi wakale wa pa misaupo, amene anagwira mabuku amenewa kuyambira nkhondo isanayambe mpaka maso atawakana. Anati abwera kudzaona chimene tikuchita ndi mabuku awo. Ndi mmene ananenera: mabuku awo.

Ndiyenera kukuuzani za bambo amenewa.

Nkhondo itatha, ife tinabwerera kuchokera ku Dedza komwe tinathawira. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndikukumbukira tikudutsa pa malire pa Kalomwe, bambo akukankha njinga itasenza mphasa, chitseko ndi nkhuku ziwiri, mayi ali ndi mtondo pamutu umene anakana kuusiya. Ine ndinkati "sukulu" ndi "aphunzitsi", anzanga atsopano n'kumandiseka kuti kuno timati shikola ndi porofesolo. Kuti andilembe pa shikolapo pankafunika umboni woti ndinabadwira kuno. Kapepala kokha kamene tinali nako kanali ka ku Malawi, kolembedwa Kamwendo. Bambo ananditengera kwa a Fabiyano.

Fungo la chipinda chija sindinaliiwale: mapepala akale, parafini, ndi magwafa amene ankawayala pawindo. Panja panali anthu ochuluka, onse obwerera ngati ife, ena atakhala pa katundu wawo. A Fabiyano sankathamanga. Ankafunsa dzina, dzina la mayi, mudzi, kenaka n'kutsegula kabuku kakang'ono kakuda, n'kunyowetsa chala, n'kuimirira kukatenga buku lalikulu pashelefu. Anatsegula, n'kuika chala changa pamzere: Camuendo. Anati, "Ndiwe uyu. Wachoka ndi C, wabwera ndi K, koma ndiwe yemweyo." Bambo anaseka kwa nthawi yoyamba chifikireni.

Tsopano munthu yemwe uja anali atakhala pampando pafupi nane, tsitsi lili mbuu, akuyang'ana galasi la komputadolo limene sankaliona bwino.

"Ndamva kuti makina ako ndi aulesi," anatero.

Ndinawafotokozera zonse. Ndiyeno, pofuna kudzitama pang'ono, ndinawonjezera kuti nkhani ya C ndi K ndinaiganizira kale. Ndinauza makina kuti munthu akafunsa dzina, azisintha kalembedwe ka mayina a m'mabuku, C akhale K, nh akhale ny, u akhale w, kuti Camuendo ndi Kamwendo azikumana.

"Amasintha liti?" anafunsa.

"Nthawi imene munthu wafunsa, bambo."

"Munthu aliyense?"

"Aliyense."

"Mayina onse a m'mabuku onse?"

Ndinali nditadzimva ndekha.

"Ndiye si aulesi, mwanawe," anatero akugwedeza mutu. "Ndi akhama kuposa iwe ndi ine. Koma wawapatsa ntchito ya chitsiru."

Indise yanga inasanjidwa motsatira kalembedwe ka m'mabuku, koma ine ndinkafunsa m'kalembedwe kena. Makina akanaigwiritsa ntchito bwanji? Ankayenera kumasulira dzina lililonse kaye kuti aone ngati ndi lomwelo.

A Fabiyano anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa kadeno, kabuku kakuda komwe kaja, tsopano komangidwa ndi mphira. Anati anthu atayamba kubwerera ndi mayina olembedwa Chimalawi, iwo anakhala miyezi ingapo akukopera mayina onse mmene amamvekera pakamwa, pambali pake n'kulemba buku ndi tsamba.

"Kumasulira n'kamodzi, tsiku lolemba," anatero. "Tsiku lofunsa ndi lotsegula basi."

Masana omwewo ndinachita zomwezo. Ndinawonjezera malo m'tabela osungira dzina lililonse mmene limamvekera, makina anamasulira onse kamodzi, ndipo ndinamanga indise pa mayina atsopanowo. Nditamasula alembi anga makumi awiri aja, mayankho anatuluka mothamangitsana, chigayo chija chili zii. Komputadolo yomwe ija, magetsi omwe aja. Kalata ya a Padiri ndinayatsira mbaula.

Akulu anati safunsa adadya phula. Ine ndinadya masiku awiri, ndipo amene anali ndi yankho amakhala mtunda woyenda wapansi kuchokera pa misaupo. Miyezi yonseyi sindinawafunsepo kanthu. Ndinkawapatsa moni ku tchalitchi basi.

Si ine ndekha. Taonani mmene tikuchitira masiku ano. Chinthu chikangochedwa timati chakalamba, tigule china. Ndi angati amene amayamba afunsa kuti nthawi ikuthera pati kwenikweni? Ndi angati amene amakayikira kuyesa kwawo komwe? Timalowa m'maofesi ndi mapepala athu a maphunziro, n'kuyamba ngati dziko layamba tsiku limene tafika. Amene anagwira ntchitoyo zaka makumi atatu timawaitana pa zikondwerero zokha, kuwakhazika kutsogolo, kuwaombera m'manja, osawafunsa ngakhale funso limodzi.

Koma nkhani sinathere pamenepo, ndipo chimene chandilembetsa lero ndi cha Lachisanu.

A Fabiyano anabweranso, ati adzaone ngati makina sanabwerere ulesi. Tili pomwepo panafika mayi wina wa ku Lifidzi, a Rozalina, atayenda kuyambira m'mamawa, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Akulera mdzukulu wamasiye amene akufuna kumulembetsa shikola Lolemba, koma iwo eni alibe bilyeti, chiphaso cha boma, ndipo kuti aipeze anauzidwa kuti ayambe ndi kalata ya ubatizo.

Ndinalemba dzina lawo monyadira. Ndisanachotse chala, yankho linali litatuluka: palibe. Ndinayesanso. Palibe.

"Pepani mayi, simuli m'mabuku muno," ndinatero. "Kapena munabatizidwira kwina."

Anayang'ana pansi n'kuyamba kumanga chitenje kuti azipita. Sanatsutse. Anthu athu anazolowera kumva mawu amenewa.

"Takhalani kaye, mayi," anatero a Fabiyano. "Dzina limeneli ndi la bambo okuberekani?"

"Ayi, ndi la bambo ondilera. Mayi anakwatiwanso ku Dedza."

"Mayi anuwo anali yani?"

"A Verónika. Ankati a Nachisale."

"Nanga amene anakunyamulani pa ubatizo?"

Anaganiza kanthawi. "Ndinkamva kuti a Jasinta, aja ankaumba mbiya."

A Fabiyano anamwetulira. "A Jasinta a mbiya ananyamula theka la ana a mudzi umenewo. Mwanawe, tasiya dzina la mwana. Tafunsa makina ako za mayi ndi wonyamula."

Ndinafunsa kudzera m'tabela ya makolo. Panatuluka mzere umodzi: Rosalina, mwana wa Verónica, dzina la bambo lina lomwe a Rozalina analimva komaliza ali kamtsikana. Buku lachisanu ndi chinayi, tsamba lakuti.

Kalata inasindikizidwa nthawi yomweyo, koma a Rozalina sanaiyang'ane n'komwe. Anapempha kuti aone buku lenilenilo. Ndinalitsitsa, ndinatsegula. Pansi pa zolemba za wansembe panali kamtanda kopindika ka inki, chizindikiro cha mayi amene sankadziwa kulemba.

"Anajambula okha?" anafunsa.

"Okha," anatero a Fabiyano. "Tinkawagwiritsa kaneta yolembera."

Mayi aja anaika chala pa kamtandako n'kukhala chomwecho nthawi yaitali. Kenaka anati mayi awo anamwalira ku Dedza chaka chimodzi anthu asanayambe kubwerera, manda ali konko, ndipo alibe chithunzi, alibe nsalu, alibe kanthu kalikonse kamene manja a mayi awowo anakhudza.

Ine ndinali nditatsala pang'ono kuwabweza ku Lifidzi chimanjamanja, ndipo ndikanatero mwachangu kuposa mlembi aliyense m'mbiri ya misau imeneyi. Kuyesa kwanga konse kunkawerenga mayankho angati akutuluka pa mphindi. Sikunkafunsa kuti mwa mayankhowo ndi angati akubweza munthu amene alimo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako sindinakuike m'makina.

Tsopano ndakonza kuti dzina likapanda kupezeka, makina asanene kuti palibe, koma auze mlembi kuti afunse za mayi, za wonyamula ndi za mudzi. Ndapemphanso a Fabiyano kuti Loweruka lililonse ndizipita kwawo kukawawerengera kadeno yawo mokweza, iwo azindiuza zimene sizinalembedwe: ndani anasintha dzina, mudzi uti unasamuka, banja liti linabwerera ndi liti linatsalira.

Anavomera, koma anandigwira pamkono pamene ndinkawaperekeza.

"Usachedwe," anatero. "Maso anapita kale. Mutu nawo wayamba kulongedza."

Inu amene mukuwerenga, kumene mumagwira ntchitoko aliko munthu amene anaigwira inu musanabwere, ndipo lero ali pakhonde pake, palibe womufunsa. Mudzapita liti? Kapena mukudikira tsiku loti mudzaimirire pamanda ake n'kunena kuti tataya munthu wodziwa zambiri?